Uthenga Usathere M'foni Mwanu

 

Mwezi uno maere agwera ine kuti ndifotokoze m'mene tikukhalira kuno kwathu ku Blantyre: za nyengo, za maneba athu, za zochitika m'dziko, ndi zimene tikuwerenga. Mitu ndi inayi, koma musadandaule, sindikusungani mpaka mdima. Ambiri a ife tamaliza Folomu 4, timawerenga Chichewa ndi Chingerezi, ndipo bandulo ikapezeka timamva nkhani msanga kuposa wina aliyense pa laini yathu. Ndiye pa mutu uliwonse ndizifunsa funso limodzi lomweli: nkhanizo tikazimva, zikumathera kuti?

Ndiyambe ndi nyengo, poti ndi imene tonse tikuimva m'thupi. Okutobala wa chaka chino sakuseka ndi munthu. Ikamakwana 9 koloko m'mawa malata amakhala ayamba kale kulira, ndipo usiku ena mwa inu mukugona pasimenti, ndikudziwa. Pa kiyosiki ya madzi mzere wa zigubu ukumayamba kusanache. Mango ayamba kuoneka pamsika, ana akugenda ndi osapsa omwe. Kamvula kakagwa masiku ano musapupulume, kaja ndi chizimalupsa, kongogonetsa fumbi basi. Amene muli ndi kamunda kuseri kwa nyumba, kapena makolo anu akulima kumudzi, auzeni adikire mvula yeniyeni yoti dothi linyowe mpaka pansi. Mbewu ndi yodula, ikapserera m'nthaka palibe wokubwezerani.

Mu 2024 dzina la El Niño tinalimva mpaka kutopa nalo, koma si onse amene anauzidwa tanthauzo lake. Mwachidule, madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacific amati akatentha kuposa nthawi zonse, mphepo ndi mitambo zimasintha njira, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa mvula imachepa. Ndi zimene zinachitika mu Febuluwale 2024, pamene ng'amba inagwira chimanga chitangoyamba kumasula. Mu Malichi 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi ya njala. Mtengo wa thumba la chimanga umene amayi anu ankadandaula nawo chaka chimenecho unachokera pamenepo.

El Niño ameneyo anatha mu 2024, ndipo akatswiri a zanyengo anati madera ambiri ankayembekezeka kulandira mvula yokwanira, mwinanso yochulukirapo. Kwa mlimi mvula yotere ndi nkhani yabwino. Koma ife tikukhala m'mbali mwa phiri, nyumba zina zinamangidwa mphepete mwenimweni mwa khwawa, ndipo walira mvula walira matope. Palibe pano amene waiwala Malichi wa 2023. Namondwe wa Freddy anayambira kufupi ndi Australia, anawoloka nyanja yonse ya Indian, anagunda Madagascar, kenako Mozambique kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndi umene unatipeza ife. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala.

Chimene ndikufuna mukumbukire ndi ichi: chenjezo linalipo. Nthambi yoona zanyengo inalengeza kudakali masiku kuti namondwe akubwera, mawailesi ananena, pa Facebook ndi pa WhatsApp zinali ponseponse. Ena anamva koma analibe kolowera, zimenezo n'zoona. Koma analiponso amene sanamve n'komwe, ndi ena amene anangomva mwapatalipatali n'kuganiza kuti ndi mvula wamba. Uthenga unayenda mtunda wautali kuchokera kwa akatswiri mpaka m'mafoni mwathu, koma kamtunda kakang'ono kochokera pafoni kukafika pakhomo la neba, m'malo ambiri panalibe wokayenda. Kamtunda kameneka ndi kathu ifeyo.

Apa ndafika pa nkhani ya maneba. Sinditchula maina, koma aliyense aganizire laini yake. Kumapeto kwa laini yathu kuli agogo aakazi amene akulera adzukulu atatu. Wailesi ali nayo, koma ndalama ya mabatire imapikisana ndi ya mchere, ndipo mchere ndi umene umapambana. Foni yawo ndi ya mabatani, ndipo masiku ambiri imakhala yothima chifukwa m'nyumba mulibe magetsi. Chenjezo la mvula yamphamvu litati lituluke Lachitatu madzulo, agogowa angalimve bwanji ngati wina sanapite kukawagogodera?

Kumunsi kwathu, pafupi ndi khwawa, kwalowa banja latsopano la lendi mwezi wathawu. Achokera kutali, ali ndi mwana wakhanda. Nyumbayo anaikonda chifukwa ndi yotchipa, koma sakudziwa chimene ikutchipira. Ife tonse tikudziwa kumene madzi amadutsa mvula ikagwa maola awiri osakata. Tikudziwa mlatho wa matabwa umene umayamba kumira, tikudziwanso kanjira ka kumtunda kopita kusukulu kumene anthu anathawira ulendo wapita uja. Zimenezi simungazipeze pa intaneti, zili m'mitu mwathu. Kuwauza sikuwaopseza ayi, ndi kuwalandira bwino. Ndipo mukapita, pitani mwaulemu: odi, moni kaye, kenako n'kunena kuti, "Bambo, mayi, poti ndinu alendo kuno, tinati tikudziwitseni m'mene madzi amayendera dzinja." Palibe munthu wanzeru amene angakuthamangitseni.

Palinso nkhani ya ngalande, imene chaka chilichonse imayambanitsa maneba. M'chilimwe muno ngalande zadzaza majumbo, mabotolo, matewera ndi phulusa. Aliyense akuti zinyalalazo si zake, zachokera kumtunda. A kumtundawo akuti zabwera ndi mphepo. Mvula yoyamba ikadzagwa madzi sadzafunsa mwini wa jumbo, adzangolowa m'nyumba imene ili pafupi. Sabata yatha ndinamva amayi awiri akukangana pa nkhani yomweyi mpaka anthu kudzaza, koma mkangano utatha ngalande inali chikhalire yotseka. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ngalande ya neba wakumunsi ikatseka, khoma limene lidzanyowe likhoza kukhala lanu.

Dzinja limabweranso ndi kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre anali mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri, moti mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi wa Lilongwe zinachedwa kutsegulira. Kolera amafala kudzera m'madzi ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Mvula ikasefukira, zimbudzi zokumba zimadzaza, ndipo zonyansazo zimalowa m'zitsime zosatetezedwa zimene anthu amatungako mipopi ikauma. Zoyenera kuchita tonse tinaphunzira: kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini, kusamba m'manja ndi sopo, kudya chakudya chikadali chotentha. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, mupatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati palibe, tengani lita imodzi ya madzi aukhondo, thiranimo masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa muli pa ulendo wa kuchipatala. Osadikira kuti kuche. Kolera amatha kumaliza munthu wamkulu wamphamvu zake pa maola ochepa chabe. Inu mukudziwa zimenezi chifukwa zinabwera pa mayeso. Nanga neba wanu amene sanafike Sitandade 8 akuzidziwa?

Tsopano za m'dziko. Mu 2024 nkhani imene inali pakamwa pa aliyense inali kukwera mitengo kwa zinthu ndi mizere ya mafuta pa mafilingi siteshoni. Akabaza a njinga zamoto ankagona pamzere, minibasi zinakweza, ndipo amayi a mandasi pa kona paja anachepetsa kukula kwa mandasi chifukwa cha mtengo wa mafuta ophikira ndi fulawa. Anthu akamakambirana pa bawo kapena pachigayo, mumamva zifukwa zosiyanasiyana, zina zoseketsa. Ife amene tinaphunzirako tikhoza kuthandiza kufotokoza gwero lake. Dziko lathu limagula kunja mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala ambiri a m'zipatala, ndipo ogulitsawo safuna kwacha, amafuna madola. Madolawo timawapeza makamaka tikagulitsa fodya, komanso tiyi ndi shuga, koma zimene timagulitsa kunja n'zochepa poyerekeza ndi zimene timagula. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chilichonse chochokera kunja chinakwera, ndipo poti katundu yense amayenda pa galimoto, ngakhale tomato wa ku Ntcheu anakwera nawo. Mafuta athu amadzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndiye madola akasowa kapena njira ikavuta, mizere imayamba. Kudziwa zimenezi sikutsitsa mtengo wa sopo, ndikuvomereza, koma kumathandiza munthu kuti asamangokwiyira wa pa okala amene naye akungovutika ngati ife.

Nkhani ina ndi ya kalembera. Chisankho cha pulezidenti, aphungu ndi makhansala chinachitika pa 16 Sepitembala 2025, ndipo bungwe la MEC linayamba kulembetsa anthu mu Okutobala 2024. Anachita m'magawo, maboma ena poyamba, ena pambuyo.  Kalabu yathu ilibe chipani, ndipo ine sindikuuzani woti mudzamusankhe. Ndikungoti wosalembetsa sadzavota, ngakhale atalemba madandaulo aatali bwanji pa Facebook. Masiku a kalembera mukawadziwa, kauzeninso agogo aja, ndi atsikana ogwira ntchito m'nyumba za anthu amene sapeza mpata womvera wailesi.

Koma apa pafunika kusamala. Ndakhala ndikunena kuti uthenga usathere m'foni, koma si uthenga uliwonse umene uyenera kutulukamo. Chisankho chikamayandikira, mabodza nawo amachuluka. Mudzalandira mavoisi noti a munthu wosadziwika akunena motsimikiza ngati analipo. Mudzalandira zithunzi za madzi osefukira za dziko lina, kapena za Freddy yemwe uja, atazilemba kuti ndi za lero. Mudzalandira za ntchito ndi za ngongole zoti mutumize kaye ndalama pa foni. Musaganize kuti mphekesera ndi masewera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo mpaka kufika mu Blantyre muno, ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Ambiri a ife tinali ku pulayimale, koma mantha aja tikuwakumbukira, anthu kugona panja, mlendo aliyense kumuyang'ana ndi diso lokayika. Amene ankafalitsa mphekeserazo ambiri ankaona ngati akuchenjeza anzawo.

Ndiye musanatumize chilichonse ku gulu lina, kapena kukachinena kwa neba, dzifunseni mafunso atatu. Loyamba, wanena ndani? Ngati yankho ndi loti "akuti" basi, imani kaye. Lachiwiri, zachitika liti ndipo kuti? Uthenga wopanda tsiku ndi malo nthawi zambiri umakhala wakale kapena wopeka. Lachitatu, kodi ena odalirika anenako? Za nyengo onani tsamba la nthambi yoona zanyengo kapena la DoDMA, za chisankho onani la MEC, ndipo tsegulani MBC, Zodiak kapena Times mumve ngati nkhaniyo ilipo. Nkhani yaikulu yoona siingakhale pa gulu la WhatsApp la kwanu lokha. Safunsa anadya phula. Ndipo dziwani kuti mukangouza agogo bodza kamodzi, tsiku limene mudzabwere ndi chenjezo lenileni adzakuyang'anani n'kupitiriza kusenda mbatata zawo.

Ndimalize ndi zowerenga, chifukwa luso losiyanitsa zoona ndi zabodza limakula ndi kuwerenga. Tikangolemba MSCE ambiri timatseka mabuku ngati tathana nawo mpaka kalekale. Miyezi ikudutsa tikudikira za makoleji kapena kaganyu, ndipo mutu ukungodya timavidiyo ta masekondi makumi atatu. Mwezi uno ndawerenga buku la William Kamkwamba lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer n'kutuluka mu 2009. Ena munaonera filimu yake ya 2019, koma bukulo lili ndi zambiri zimene mufilimu mulibe. Kamkwamba ndi wa ku Wimbe, ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 inamuchotsa kusekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. M'malo mongokhala, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale, kumene anapeza buku la Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankatsatira zithunzi ndi kufunsa matanthauzo a mawu. Anatola zitsulo zotayidwa, mbali za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, n'kumanga makina opanga magetsi ali mnyamata wa zaka pafupifupi 14. Anthu a m'mudzi poyamba ankamunena kuti wapenga. Chimene chandigwira mtima ndi chakuti magetsi atayaka, anthu omwewo ankabwera kudzatchajitsa mafoni pakhomo pake. Zimene anawerenga yekha zinathandiza mudzi wonse.

Sindikunena kuti tonse timange makina a mphepo. Ndikunena kuti iye anali pa vuto loposa lathu, koma nthawi yake yodikira sanaitaye. Ife tili ndi laibulale ya National Library Service m'tauni momwemu, mtunda woti wa mphamvu zake akhoza kuyenda wapansi. Amene mumakonda Chichewa, bwererani kwa Nthondo wa Samuel Josiah Ntara, buku la mu 1933. Kuliwerenga popanda mantha a mayeso kumakoma mwina, ndipo mudzaona kuti nkhani ya mnyamata wovuta amene anachoka kwawo kukasaka moyo kutali si yachilendo kwa anzathu amene akulakalaka za ku Joni lero. Kuli Kukula ndi Mwambo wa John Gwengwe. Kulinso masamba a Chichewa a m'nyuzipepala, monga Tamvani wa mu Weekend Nation. Nyuzipepala ya sabata yatha imene abambo anu amaliza musayatsire mbaula. Pitani nayo kwa agogo aja, khalani pakhonde, muwawerengere mokweza. Mudzadabwa mafunso amene adzakufunseni, ndipo nawonso adzakuuzani za njala ya 1949 imene anamva kwa makolo awo, ndi zizindikiro za mvula zimene ankaona pa mitengo ndi mbalame kusanabwere mafoni.

Tsono kuti zisathere pa kuwomba m'manja, ndili ndi zopempha zinayi kwa a wapampando ndi kwa inu nonse.

Choyamba, membala aliyense asankhe nyumba zisanu za pafupi ndi kwawo, makamaka za okalamba, aulumali, odwala ndi alendo. Chenjezo lotsimikizika la mvula yamphamvu, la kolera kapena la kalembera likatuluka, apite yekha kukanena pakamwa. Tikakhala anthu makumi awiri, ndiye kuti nyumba 100 zamva.

Chachiwiri, Loweruka likubwerali tikumane m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi makasu, mafosholo ndi matumba, titsegule ngalande kuyambira kumtunda mpaka pa mlatho. Akomiti akadziwitse amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'dera lathu kuti zikhale zadongosolo, komanso kuti tigwirizane kokataya zinyalalazo. Amene muli ndi magolovesi kapena majombo mubwere nawo, m'ngalande mumakhala magalasi osweka.

Chachitatu, pa gulu lathu la WhatsApp tisankhe anthu awiri oti azitsimikiza nkhani za nyengo ndi za ngozi. Wina akatumiza chokayikitsa, tisamunyoze, tingomufunsa mwaulemu kuti, "Aise, wazitenga kuti?"

Chachinayi, tiyambe katoni ya mabuku. Aliyense abweretse buku limodzi limene likungodyedwa ndi chiswe kunyumba, kaya ndi nthano, kaya ndi la Agriculture la Folomu 3. Mlembi alembe m'kope dzina la wobwereka ndi tsiku lobweza. Mwezi wamawa amene adzayankhule pano adzatiuze chimene wawerenga, ndi amene wamuwerengera.

Mvula yatsala pang'ono, anzanga. Mukamabwerera kunyumba madzulo ano, yang'anani nyumba za pa laini yanu imodziimodzi, muone kuti zisanu zanu ndi ziti. Mawa mukagogode pa yoyamba, ngakhale kungopereka moni ndi kufunsa ngati denga silikudontha.